Konsati yotsanzikana ya Emerson String Quartet: mafunso ndi mayankho kwa anzanga oimba a ku Angónia

Oimbitsa makwaya, aphunzitsi anzanga ndi achinyamata a kuno ku Ulongwe, ku Domwe ndi ku Furancungo akhala akundifunsa za gulu la oimba anayi la ku America lotchedwa Emerson String Quartet, lomwe linatsanzika mu 2023 litaimba zaka 47. Ambiri analimva koyamba pa foni yanga tikudikira kuti anthu akwane pokonzekera nyimbo za Lamulungu. Mafunso amene amabwerabwera ndawaika pamodzi pano.

Kodi gulu limeneli linali la ndani?

Linayamba mu 1976 ku New York, pa sukulu ya zoimba ya Juilliard, pomwe a Eugene Drucker ndi a Philip Setzer ankaphunzira vayolini. Chaka chimenecho dziko la America linkakumbukira zaka 200 za ufulu wake, ndipo iwo anatenga dzina la mlembi wa kwawo komweko, Ralph Waldo Emerson. A Lawrence Dutton analowa mu 1977 kudzaimba viyola, kenako a David Finckel mu 1979 kudzaimba chelo. Anthu anayi amenewa anakhala limodzi zaka 34 popanda wotuluka kapena wolowa, mpaka mu 2013 pomwe a Finckel anachoka, mpando wawo n'kutengedwa ndi a Paul Watkins a ku Wales.

Analandira mphotho 9 za Grammy, mphotho zotchuka za nyimbo ku America. Anajambula ma quartet (nyimbo za zida zinayi) a opeka nyimbo otchuka: onse 16 a Beethoven, onse 15 a Shostakovich ndi onse 6 a Bartók, ndipo a Bartók amenewa ankatha kuwaimba onse usiku umodzi, ntchito yomwe imathetsa mapewa ndi zala.

Quartet ndi chiyani kwenikweni, ndipo amaimba zida zanji?

Ndi anthu anayi okhala ndi zida zinayi za nsambo: mavayolini awiri, viyola imodzi ndi chelo imodzi. Nyimbo yolembedwera zida zinayizi imatchedwanso ndi dzina lomweli. Inu a kwaya simuvutika kumvetsa, chifukwa kagawidwe kake ndi kofanana ndi kanu: vayolini yoyamba ili pamalo a soprano, yachiwiri pa alto, viyola pa tenor, chelo pa bass. Viyola imaoneka ngati vayolini koma ndi yokulirapo ndipo mawu ake ndi otsika. Chelo ndi yaikulu moti woimba amakhala pampando n'kuikumbatira ndi mawondo.

Chida chilichonse chili ndi nsambo zinayi, ndipo amazikwecha ndi uta monga momwe agogo athu ankakwechera kaligo. Uta wake amamangapo ubweya wa kumchira wa kavalo, n'kuupaka utomoni wouma wa mtengo wa paini kuti uzigwira nsambo. Mukayang'anitsitsa vayolini imene yangomaliza kuimbidwa, muona kafumbi koyera pansi pa nsambo: ndi utomoni umenewo. Pakhosi pa zida izi palibe timizere tachitsulo tija ta pa gitala tosonyeza poika chala. Chala chikaphonya pang'ono pokha, nyimbo yapotoka, ndipo pagulu la anthu anayi palibe pobisala.

Amene anakhazikitsa kalembedwe kameneka ndi Joseph Haydn wa ku Austria, yemwe analemba nyimbo zotere 68. Mozart, Beethoven ndi Schubert anadzera m'njira imene iye analambula.

Popanda woimbitsa kutsogolo, amayamba bwanji pamodzi?

Ili ndi funso limene oimbitsa makwaya amandifunsa ndi nkhope yokayika, ndipo ndimalikonda. Amayamba ndi mpweya. Amene akutsogolera pamalo amenewo amakweza mutu wa vayolini pang'ono n'kukoka mpweya m'mphuno, anzake atatu n'kukoka naye, mauta anayi n'kutsikira limodzi. Mukavala mahedifoni mumaumva mpweyawo nyimbo isanayambe. M'kati mwa nyimbo amalankhulana ndi nsidze, ndi phewa, ndi kagwedezedwe ka thupi. Utsogoleri sukhala pa munthu mmodzi. Pena ili patsogolo ndi viyola, pena chelo, ndipo enawo amachepetsa mawu kuti aipatse njira. Goethe, mlembi wa ku Germany, analemba mu 1829 kuti pomvera quartet munthu amakhala ngati akumva anthu anayi anzeru akukambirana.

A Emerson anapita patali ndi zimenezi. M'magulu ambiri woimba vayolini yoyamba amakhala yemweyo moyo wonse, ndipo ndiye amaoneka ngati mwini gulu. A Drucker ndi a Setzer ankasinthana: nyimbo iyi wina ali pa yoyamba, nyimbo yotsatira mnzake. Kuyambira mu 2002 atatu ankaimba chiimirire, wa chelo atakhala pa kansanja kuti maso ake alingane ndi a anzake.

Konsati yomaliza inachitika liti, ndipo anaimba chiyani?

Inachitika kawiri, pa 21 ndi pa 22 October 2023, mu holo ya Alice Tully ku Lincoln Center, mumzinda wa New York womwe anayambira. Holoyi imalowa anthu oposa 1,000 pang'ono. Anaimba nyimbo ziwiri zokha, koma iliyonse imatenga pafupifupi mphindi 50: Quartet Op. 130 ya Beethoven (Op. ndi nambala ya nyimbo pamndandanda wa ntchito za wolemba) yothera ndi gawo lotchedwa Grosse Fuge, ndi Quintet ya mu C ya Schubert.

N'chifukwa chiyani nyimbo ziwiri zimenezi zikuyenera tsiku lotsanzikana?

Zonse ziwiri zinalembedwa ndi anthu amene anali kumapeto kwa moyo wawo, ndipo palibe mwa izo imene ili yongolira.

Beethoven analemba Op. 130 mu 1825, makutu ake atagontha kale. Inali imodzi mwa nyimbo zitatu zimene anamupempha kalonga wa ku Russia, Nikolai Galitzin. Ma quartet ambiri amakhala ndi magawo anayi, koma iyi ili ndi 6. Gawo lachisanu, Cavatina, ndi lofatsa, la mphindi 6 kapena 7, ndipo vayolini yoyamba imaimba ngati munthu amene akupemphera chamumtima. Chapakati pake zida zitatu zimayamba kugunda pansipansi, vayolini ija n'kuyamba kudukiza, kuyamba mawu osawamaliza, kuchedwa kulowa, ngati munthu amene wabanika ndi chisoni ndipo akulephera kutulutsa zimene akufuna kunena. Beethoven analembadi pa pepala la manotsi kuti pamenepo paimbidwe mobanika. Malo amenewa ndi aafupi kwambiri, koma kwa ine ndi amene amasiyanitsa gulu lodziwa ntchito ndi gulu longowerenga manotsi. Cavatina yomweyi, itaimbidwa ndi Budapest String Quartet, ili pa chimbale chagolide chimene anachitumiza kuthambo pa zombo za Voyager mu 1977.

Ikangotha Cavatina pamabwera Grosse Fuge, mphindi pafupifupi 16 zaukali, zida zinayi zikulimbana pa mutu umodzi wa nyimbo, chilichonse chikulowa pa nthawi yake ndi kukana kugonja. Pamene inaimbidwa koyamba ku Vienna mu March 1826, anthu anasokonezeka nayo. Wosindikiza manotsi, Matthias Artaria, anapempha Beethoven kuti alembe mathero ena opepukirapo, ndipo iye anavomera. Mathero atsopanowo anawamaliza kumapeto kwa 1826, ndipo ndi chinthu chomaliza chimene anamaliza kulemba asanamwalire mu March 1827. Fuge ija inasindikizidwa payokha ngati Op. 133. Lero gulu lililonse limasankha mathero amene likufuna. A Emerson, onse atatu a mavayolini ndi viyola ali m'zaka za m'ma 70 kapena pafupi pamenepo, anasankha ovutawo pa tsiku lawo lomaliza. Ine ndimaona kuti uku kunali kunena ndi manja awo kuti sakusiya chifukwa cholephera.

Schubert analemba Quintet yake mu 1828, patatsala milungu yowerengeka kuti amwalire pa 19 November chaka chomwecho ali ndi zaka 31. Iye sanaimve ikuimbidwa pagulu. Inaimbidwa koyamba mu 1850 ndipo inasindikizidwa mu 1853. Gawo lake lachiwiri limayenda pang'onopang'ono moti umachita ngati nthawi yaima: zida zitatu zapakati zimakoka mawu aatali, chelo yachiwiri ikudodola nsambo ndi chala pansi, vayolini yoyamba ikuyankha timawu tifupitifupi pamwamba. Kenako mwadzidzidzi pamabuka namondwe, ndipo akatha, bata lija limabwerera koma lili ndi zipsera za zimene zadutsa.

Quintet si ya anthu asanu? Wachisanu anachokera kuti?

Inde, ndipo apa ndi pamene panali nkhani ya tsikulo. Nyimbo ya Schubert imafuna machelo awiri. Wachiwiri anali a David Finckel, omwe aja anachoka mu 2013. Choncho pa nyimbo yomaliza, a Finckel ndi a Watkins anakhala pa nsanja imodzi, wochoka ndi womulowa m'malo. A Finckel ndi akazi awo, mayi Wu Han oimba piyano, ndi amene akhala akutsogolera Chamber Music Society of Lincoln Center kuyambira mu 2004, ndipo bungwe limeneli ndi lomwe linakonza makonsati awiriwa.

Kodi anayambana, kapena wina anadwala?

Analengeza mu August 2021 kuti adzasiya mu 2023, kutatsala zaka ziwiri zathunthu, ndipo nthawi yonseyo anayenda limodzi m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya kutsanzika anthu amene ankawamvera. Anthu oyambana sachita zotero. A Setzer anabadwa mu 1951, a Drucker mu 1952, a Dutton mu 1954. Vayolini imafuna zala zothamanga, khutu lakuthwa ndi khosi lopirira maola ambiri tsiku lililonse, kuphatikiza maulendo a pandege osatha. Munthu wanzeru amadziwa kuti zimenezi zili ndi malire, ndipo amasiya anthu akufunabe kumumva.

Bwanji sanangolowetsa achinyamata kuti dzina lipitirire?

Njira ziwiri zonsezi zilipo, ndipo iliyonse ili ndi magulu otchuka amene anaitsata. Juilliard String Quartet inayamba mu 1946 ndipo ikuimbabe, ngakhale oyambitsa onse kulibe. Borodin Quartet ya ku Moscow inayamba mu 1945 ndipo nayo yakhala ikusintha anthu. Koma Guarneri Quartet inatseka mu 2009 itaimba kuyambira 1964, Alban Berg Quartett ya ku Vienna inatseka mu 2008, ndipo Tokyo String Quartet inatseka mu 2013.

Imene imandikhudza kwambiri ndi Amadeus Quartet ya ku London. Atatu mwa iwo, Norbert Brainin, Siegmund Nissel ndi Peter Schidlof, anali Ayuda othawa ku Vienna nthawi ya Hitler, ndipo anadziwana m'makampu momwe boma la Britain linkasunga anthu ochokera kumayiko a adani ake pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ife a ku Angónia amene tinakhala m'makampu a ku Dedza ndi ku Ntcheu mtendere wa 1992 usanabwere tikudziwa ubale umene umabadwira pamzere wa chakudya, ndi makwaya amene anayambira pansi pa matenti. Atatu aja anayamba kuimba mu 1947 pamodzi ndi Martin Lovett wa chelo, ndipo anakhala anayi omwewo zaka 40. Schidlof atamwalira mu 1987, otsalawo sanafune munthu wina pampando wake. Gulu linathera pomwepo.

Maganizo anga ndi akuti a Emerson anachita bwino. Kwaya ya anthu 40 ikhoza kusintha anthu chaka ndi chaka osataya mawu ake, chifukwa atsopano amasungunukira mwa akale. Pagulu la anthu anayi, aliyense ndi limodzi la magawo anayi a mawu onse. Atatu akachoka nthawi imodzi, chotsala ndi dzina pa chikwangwani, ndipo achinyamata olowawo amakhala moyo wonse akuyerekezedwa ndi anthu amene sanali iwo. Chimene chimayenera kupitirira ndi luso, ndipo a Emerson analisiya m'manja mwa ena kudzera m'kalasi: kuyambira mu 2002 akhala akuphunzitsa pa yunivesite ya Stony Brook ku New York, ndipo magulu ambiri a achinyamata anadutsa m'manja mwawo.

Izi ndimazinena ndikuganiza za kwathu kuno. Tili ndi magulu a ngoma, a chintali ndi a nyimbo za m'tchalitchi amene amatha mwakachetechete mkulu wake akamwalira, popanda amene anajambula kapena kuphunzira mawu onse. Lero foni iliyonse imajambula. Gulu likaona kuti mphamvu zikuchepa, lingathe kuitana mudzi, kuimba komaliza, kujambula ndi kutchula mayina a amene analiphunzitsa.

N'chifukwa chiyani anthu amakhala chete nyimbo ikaima, osawomba m'manja?

Chifukwa sinathe. Gawo limodzi likatha oimba amapuma pang'ono, kutembenuza pepala, nthawi zina kukonza nsambo, n'kuyamba lotsatira. Mwambo wa masiku ano ndi kudikira mpaka magawo onse atha. Koma si lamulo la makolo a nyimbozi. Pa tsiku lija la mu 1826 ku Vienna, anthu anawomba m'manja mpaka magawo awiri aafupi a Op. 130 anabwerezedwa. Choncho amayi athu amene amaimba nthungululu pakati pa nyimbo ikawafika pamtima akuchita zimene anthu a nthawi ya Beethoven akanazimvetsa. Chete ali ndi phindu lake limodzi lenileni: zida izi zilibe zokuzira mawu, ndipo malo ngati Cavatina amatayika munthu mmodzi akangotsokomola.

Kodi izi si nyimbo za azungu? Ife zikutikhudza bwanji?

Zinabadwira ku Ulaya, m'nyumba za anthu olemera, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Koma anthu akuda analimo kuyambira kale. Joseph Bologne, wodziwika kuti Chevalier de Saint-Georges, yemwe mayi ake anali kapolo ku Guadeloupe, anali mmodzi mwa oyamba kulemba ma quartet ku France m'zaka za m'ma 1770. Ku South Africa kuli Soweto String Quartet, yomwe inayambitsidwa ndi ana a banja la Khemese.

Koma yankho langa lalikulu lili m'chigawo chathu chomwe chino. Anzathu Anyungwe a m'chigwa cha Zambezi ali ndi gule wa nyanga. Amuna amavina mozungulira atamanga maseche m'miyendo, aliyense ali ndi tizitoliro towerengeka tomangidwa pamodzi. Palibe amene ali ndi nyimbo yonse. Aliyense amauzira mawu ake pa nthawi yake, n'kuimba ndi pakamwa pamipata, ndipo nyimbo imamveka pokhapokha onse akalukana bwino. Andrew Tracey anajambula gulu la nyanga la a Makina Chirenje a ku Nsava, m'chigwa cha Tete, n'kulemba manotsi ake m'magazini ya African Music mu 1971. Kevin Volans, wopeka nyimbo wobadwira ku Pietermaritzburg, anatenga manotsi amenewo n'kuwagwiritsa ntchito m'magawo awiri a nyimbo yake White Man Sleeps, yomwe anailemba mu 1982 ndi kuikonzanso mu 1986 kuti iimbidwe ndi Kronos Quartet ya ku America. Dzina lake likuchokera m'gule wa nyanga momwemo: pali malo pomwe ovina amaleka kuuzira, n'kumavina ndi maseche okha, ati mzungu agone. Kronos inaika nyimboyi pa chimbale chake Pieces of Africa mu 1992, ndipo magulu ena akhala akuiimba m'maholo a kunja.

Ndiye kuti nyimbo ya ku Tete yakhala ikumveka pa mavayolini m'mayiko akutali kwa zaka zoposa 30, eni ake ambiri osadziwa. Zimandinyaditsa, komanso zimandipweteka kuti m'maholo amenewo dzina limene anthu amapita nalo kunyumba ndi la wolemba manotsi, pomwe la ouzira nyanga limakhala m'timalemba tating'ono. N'chifukwa chake ndalitchula pano. Ndipo munthu amene anakulira pafupi ndi nyanga, kapena amene amadziwa mmene mbalule, mpanje ndi ng'oma zina za Gule Wamkulu zimapatsirana mpata, ali kale ndi khutu lomvera Grosse Fuge. Chimene chimasokoneza anthu ambiri m'nyimbo imeneyo, mawu anayi osiyana oyenda nthawi imodzi, kwa ife si chachilendo.

Mulibe mawu, mulibe ng'oma. Ndimvetsere chiyani?

Sankhani chida chimodzi n'kuchitsata kuyambira poyamba mpaka pomaliza, monga mumachitira pophunzira mawu anu m'kwaya. Yambani ndi chelo chifukwa ndi yosavuta kuipeza pansi. Ulendo wachiwiri tsatani viyola, yomwe imabisala pakati. Mukatero muyamba kumva kuti kachidutswa kamene kanayamba pa vayolini kabwereranso pa chida china, mwina mothamanga, mwina motsika. Musadzikakamize kupeza nthano m'nyimbomo. Ngati yabwera yokha m'mutu mwanu, ndi yanu.

Kodi ku Mozambique kuno alipo amene amaphunzira zida zimenezi?

Alipo. Ku Maputo kuli pulojekiti ya Xiquitsi, yomwe inayamba mu 2013 pansi pa bungwe la Kulungwana, motsogozedwa ndi mayi Eldevina Materula, odziwika kuti Kika, oimba chitoliro cha oboe amene mu 2020 anakhala nduna ya za chikhalidwe ndi zokopa alendo. Kumeneko ana ndi achinyamata amaphunzira vayolini, viyola, chelo ndi kuimba m'kwaya. Kuchokera ku Ulongwe kukafika ku Maputo ndi ulendo wautali kwambiri, ndipo banja la mlimi wa mbatata ndi chimanga silingautenge mopepuka. Koma mwana amene amawerenga solfa, amene khutu lake limagwira msanga mawu akapotoka, ali ndi maziko amene mphunzitsi wa vayolini aliyense amawafuna. Makolo ndi oimbitsa, mwana wotere musamulekerere.

Ndiyambire pati, poti mamega ndi odula?

Pa YouTube lembani dzina la gululi pamodzi ndi dzina la nyimbo, kapena lembani m'Chipwitikizi kuti quarteto de cordas. Yambani ndi Cavatina, yomwe ndi yaifupi ndipo siidya mamega ambiri. Kenako gawo lachiwiri la Quintet ya Schubert. A Emerson anaijambula mu 1990 ndi Mstislav Rostropovich wa ku Russia pa chelo yachiwiri. Mukatero mverani White Man Sleeps ya Kronos, ndipo ngati muli ndi mnzanu Mnyungwe wa ku Changara kapena ku Moatize, mverani naye kuti akuuzeni pamene wazindikira nyanga. Grosse Fuge ikhale yomaliza, ndipo muimvere kawiri kapena katatu musanaiweruze.

Kanema si wofunika nthawi zonse. Onerani kamodzi kuti muone mmene amayang'anirana, kenako tsitsani mawu okha n'kugawana pa Bluetooth. Sipika ya foni imameza mawu a chelo, choncho gwiritsani ntchito mahedifoni kapena kasipika kaja ka kwaya. Ngati mukumvera pagulu, khazikani a bass mbali imodzi atsate chelo, a tenor atsate viyola, a alto ndi a soprano agawane mavayolini, ndipo gawo likatha aliyense anene zimene chida chake chinkachita.